Masiku atatu oyamba ndi anu: kukonzekera madzi osefukira kuno ku Chigwa cha Shire

Ndine mlangizi wa zaumoyo, aja mumatitcha ma HSA. Ndayamba kupalasa njinga m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, kuno ku Chikwawa, mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo lero iyeyo ali ndi wake. Madzi a mu Januwale 2015 ndinawaona. A namondwe wa Idai mu 2019 ndinawaonanso. Koma amene anandichititsa manyazi ndi a namondwe wa Ana, usiku wa pa 24 Januwale 2022.

Ndinadzidzimuka mdzukulu wanga akulira kuti mkeka wanyowa. Ndinayesa wakodza. Poti ndiponde pansi, madzi olekeza mu akakolo, ozizira ngati a m'mtsuko. Ine yemwe ndimayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti akhale tcheru, ndinatuluka ndi mwana kumsana, foni yothima, ndi ndowa yopanda kanthu kumanja. Matumba asanu ndi limodzi a chimanga ndinawasiya ali pansi, buku la kuchipatala la mayi anga lili kunsi kwa pilo, mbewu ya nyemba ili m'chitini kuseri kwa chitseko. Pobwerera patatha masiku asanu, chimanga chinali chitayamba kumera m'matumba momwemo.

Ndiye zimene ndikulembazi ndinazigula ndi matumba asanu ndi limodzi aja.

Boma lili ndi dongosolo lake pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndilifotokoza kutsogoloku chifukwa wosalidziwa amatsalira. Koma thandizo la boma limayenda pamsewu, pamene chinthu choyamba chimene madzi amadya ndi msewu womwewo. Ana anadula msewu wa M1, anagumula mlatho wa Chapananga, anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mpaka dziko lonse linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Lole ya chimanga siuluka. Masiku atatu oyamba, mwina asanu, mudzadya zimene munasunga nokha, mudzamwa madzi amene mwateteza nokha, ndipo wodwala wanu adzamwa mankhwala amene munanyamula nokha.

Yambani kukadali fumbi

Nthawi yokonzekera madzi ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kuno kwathu kutentha kukupitirira madigiri 40, munthu ukugona pakhonde. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo nkhani ya madzi osefukira imamveka ngati nthabwala. Koma ndi pamene m'thumba mwa ambiri mumakhala kangachepe kochokera ku zokolola za kudimba, ndi pamene njira zimayendeka, ndi pamenenso nthambi ya boma yoona za nyengo imakhala italengeza mmene mvula ya chaka chimenecho ikuyembekezereka kugwera. Mverani pawailesi, funsaninso alangizi a zaulimi za ulosi wa boma lanu, chifukwa wa dziko lonse sunena za mtsinje wanu.

Chinthu chimene alendo ambiri kuno samvetsa ndi ichi: madzi amene amatikokolola si a mvula yathu. Kuno kumatha kukhala nyenyezi zili ngwee, pamene ku Mwanza, ku Neno, ku Thyolo ndi ku Blantyre ikukhuthuka. Madzi onsewo njira yawo ndi imodzi, kutsetsereka kudza kuno. Anzathu a ku Nsanje amalandira a ku Mulanje kudzera mu Ruo. Choncho pezani munthu wa kumtunda kwa mtsinje wanu, kaya ndi mlamu, kaya mnzanu wa kumpingo, mugwirizane kuti ikagwa usiku wonse aziimba foni, ngakhale pakati pa usiku. Ine wanga ndi msuweni wanga wa ku Mwanza. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 anandiimbira mbandakucha, mawu ake anali atatu okha: "Achemwali, nyamukani, yachuluka." Tinasamuka dzuwa likuwala, anthu ena akutiseka.

M'mitsinje ina anazika mitengo yoyezera madzi yopaka utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Ngati ulipo kwanuko, dziwani amene amauwerenga. Pa chikasu ndi pomanga katundu ndi kusamutsa okalamba. Pofiira si pomanga katundu, ndi pothamanga. Pamene palibe mtengo wotere, sankhani chizindikiro chanu: mwala, muzu wa mkuyu, tsinde la mlatho, chilichonse chimene mudzi wonse ungagwirizane kuti madzi akachikhudza tikuchoka. Mugwirizanenso za kulira kwake kwa chenjezo, kaya ndi wenzulo, ng'oma kapena belu la kutchalitchi, ndipo kuliza kwake kukhale kosiyana ndi kwa maliro. Mudzi wina anthu anamva belu usiku nangotembenuka pamphasa, amvekere tikamva mmawa kuti watisiya ndani.

Kenaka yendani njira yothawira masana, ndi ana omwe. Musangoiloza ndi chala. Njira imene mumadutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika mwina imadutsa pakhwawa limene limadzadza msanga kuposa bwalo lanu. Pezani ina yodzera pamtunda ngakhale ikhale yozungulira. Ndipo m'banjamo tchulani mayina: agogo adzawanyamula ndani, wakhanda ndani, mbuzi adzamasula ndani. Munthu wolumala, wosaona ndi wosamva amene amakhala yekha akhale ndi nyumba yoyandikana nayo imene yalonjeza pamaso pa amfumu kuti idzamudzutsa. Usiku wa madzi aliyense amayesa kuti mnzake wachita kale.

Amayi oyembekezera, inu ndiye ndisakunyengerereni. Mimba ikafika miyezi isanu ndi itatu m'nyengo ya mvula, pitani kuchidikiro. Ndinaonapo mayi akuchira m'kalasi ya sitandade 3, kuseri kwa zitenje, tochi ya foni ndiye nyali. Anapulumuka onse awiri, koma sichinthu chofuna kuchionanso.

Ndowa ya chivundikiro

Ndowa imene ndinathawa nayo yopanda kanthu ija ndi imene inandipatsa nzeru. Pano ndili ndi ndowa ya pulasitiki ya malita 20, ya chivundikiro chothina bwino, imene imakhala pafupi ndi chitseko kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chikwama chimanyowa, sutikesi imalemera. Ndowa imasenzeka pamutu, imayandama, ndipo mukafika kumsasa mumakhuthula katunduyo nkuyamba kusungiramo madzi akumwa.

Pansi penipeni ndimaika mapepala, okulungidwa m'majumbo awiri, lina mkati mwa linzake: ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala a aliyense, makadi a sikelo a ana, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, kabuku ka banki m'khonde. Onsewa ndinawajambulanso pafoni nkutumiza kwa mwana wanga ku Lilongwe pa WhatsApp. Chiphaso cha unzika musachione mopepuka. Polembetsa thandizo, pokonzetsa nambala ya foni yotayika, pogula fetereza wotsika mtengo, paliponse adzakufunsani chimenechi.

Pamwamba pa mapepala pamabwera mankhwala, ndipo apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndimaona anthu akuvulala mwakachetechete. Amene mumamwa ma ARV, a TB, a BP, a shuga, a khunyu, musadikire kuti botolo lifike pansi m'mwezi wa Januwale. Pitani kuchipatala mvula isanayambe, muwauze kuti mumakhala kumalo kosefukira madzi, muone ngati angakupatseni okwanira miyezi ingapo. Mayi anga amamwa a BP. Buku lawo litasungunuka m'madzi a Ana, iwo sankadziwa dzina la mankhwala, ankangoti "tating'ono toyera tija", ndipo ndikanakhala kuti sindine wa zaumoyo tikanavutika. Lembani dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake pakapepala, kakhale m'jumbo. Kumsasa ndinaonanso anthu akubisa kuti ma ARV awo apita ndi madzi, kuopa kuti anzawo ogona nawo m'kalasi adziwa. Musatero. Tinong'onezeni ife a zaumoyo, nkhaniyo imathera pakati pa awiri.

Zotsala ndi izi: botolo la WaterGuard, mapaketi a Thanzi osachepera asanu, sopo, neti, tochi ndi mabatire ake, machesi m'kabotolo kotseka, mchere, shuga pang'ono, kapu ndi supuni yaing'ono, nsalu kapena mapadi a amayi ndi atsikana, chingwe, ndi kawailesi ngati muli nako. Ufa wa masiku atatu, nyemba kapena usipa wouma ndi poto zimakhala m'thumba lapadera pambali pa ndowayo. Foni izigona yodzadza moto nyengo yonseyi. Kasola kakang'ono kotchajira n'kabwino kuposa chitenje chatsopano cha Khirisimasi, ndikunena ine amene ndimakonda zitenje.

Chuma chisagone malo amodzi

Lipoti limene boma ndi mabungwe anatulutsa pambuyo pa Freddy linati dziko linaonongekeredwa zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America. Nambala yotere pamudzi siimveka. Chimene chimamveka ndi chakuti munthu anali ndi mbuzi zisanu ndi zitatu, njinga, matumba khumi ndi kagolosale, lero akupempha ganyu yosenza mchenga.

Chimanga chigaweni pawiri. Theka likasungidwe kwa mbale wa kumtunda Disembala asanafike, ndipo muwerengerane matumba pali mboni, chibale chisadzathere pa chimanga. Lotsalalo likhale pathandala lalitali, osati pansi ngati ine. Matumba aja a PICS amateteza ku anankafumbwe, koma musayese kuti angapirire kumira. Mbewu ya kudimba, chimanga chocha msanga, nyemba, maungu, ikhale m'chigubu chouma chotseka bwino, chopachikidwa kudenga kapena chosungitsa kumtunda komweko. Madzi akaphwa, amene ali ndi mbewu m'manja ndiye amayamba kudzuka.

Ziweto ndi zimene zimaphetsa abambo ambiri. Munthu wafika kale pamtunda, wakumbuka ng'ombe, wabwerera. Khola la mbuzi likhale lam'mwamba, ndipo chenjezo likangomveka ziweto zitsogole masana, anyamata apite nazo kumtunda. Zikakupezani mochedwa, masulani zingwe, tsegulani khola, muzipita. Ng'ombe yomasuka imasambira kuposa inu. Yomangirira ndiye imafera pachikhomo.

Ndalama isagone yonse m'nyumba. Ikani ina ku Airtel Money kapena ku Mpamba, koma musiyeko yapamanja yogulira mchere ndi kulipira bwato, chifukwa netiweki nayo imathawa ndipo ma ejenti amakhala nawonso ali kumsasa. A banki m'khonde, bokosi lanu lisakhale kwa msungichuma amene nyumba yake ili m'mphepete mwa mtsinje, ngakhale akhale wokhulupirika chotani.

Usiku wake

Apa mawu ndi ochepa. Chokani madzi asanafike pakhomo. Musawoloke madzi othamanga ngakhale akulekeza m'mawondo, chifukwa pansi pake simukupaona, ndipo kuno kwathu madzi akasefukira ng'ona za mu Shire zimayenda nawo mpaka m'minda. Ana ang'ono kumsana, okulirapo agwirane ndi wamkulu, muwawerenge ponyamuka ndi pofika. Mawaya a magetsi akagwa, atalikireni pamodzi ndi madzi amene agweramo. Mukakakamizika kukwera mumtengo kapena pachulu, yang'anani kaye ndi tochi, njoka nazo zimathawira komweko.

Abale a m'mapiri, a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Zomba, kwanuko mdani ndi wina. Freddy, mu Malichi 2023, anapha anthu ambiri ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri, monga zinachitikira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Akuluakulu amati napolo, ndipo a ku Phalombe anamuona kale mu 1991 akutsika m'phiri la Michesi. Mvula ikagwa masiku awiri atatu osakata, mukaona ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ikupendekeka, kamtsinje kakusanduka phala la matope kapena kakuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, kapena mukamva mkokomo ngati malole ambiri kumtunda, tulukani. Thawirani cham'mbali, kutali ndi khwawa, osati kutsetsereka nalo. Ndipo ngati nyumba yanu ili m'njira ya madzi, kagoneni kwina usiku umenewo, zoseka anthu zilibe manda.

Kumsasa ndi kumene nkhondo yanga imayambira

Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ine pa ntchito yangayi ndinaona kuti ngakhale apite, usafulumire kunena. Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, ambiri nkukadzadzana m'masukulu ndi m'matchalitchi. Anatipeza tili kale pakati pa kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, nafalikira dziko lonse, kudwalitsa anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700. Taganizani anthu mazana angapo pasukulu ya zimbudzi zisanu ndi chimodzi, zina zitagwa, mjigo utamizidwa.

Madzi osefukira amatsuka zimbudzi zonse za m'mudzi nkuthira m'zitsime. Choncho kuyambira tsiku loyamba, madzi aliwonse ndi oipa mpaka mutawateteza, ngakhale a pamjigo, ngakhale ooneka oyera kuti mbee. Akakhala a matope, asiyeni adikhe, muwasefe ndi kansalu koyera, kenaka muthire mankhwala. WaterGuard ndi kachivundikiro kamodzi m'ndowa ya malita 20, mutakase, mudikire mphindi 30 musanamwe. Klorini amene timagawa ife ali ndi mlingo wake, funsani amene wakupatsaniyo ndipo musaonjezere poganiza kuti mukuchita bwino, chifukwa akawawa ana amakana nkukamwa a pachithaphwi. Popanda mankhwala, wiritsani mpaka abwadamuke. Ndowa ikhale yovundikira, kapu yotungira ikhale imodzi ya chogwirira, ndipo asamwere ndi yomweyo.

Tsiku lomwelo, musadikire akuluakulu a kuboma, abambo akumbe maenje a zimbudzi zongoyembekezera, kumunsi kwa msasa ndi kutali ndi potunga madzi, za amayi padera za abambo padera. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya: kachigubu, chingwe, kamtengo, sopo kapena phulusa. Chimbudzi cha mwana wakhanda nacho chikatayidwe m'dzenje, si mankhwala ayi monga ena amanenera. Kusamba m'manja m'beseni limodzi anthu khumi musanadye kulekeke, thiranani madzi. Chakudya chidyedwe chikadali chamoto.

Kolera mumamudziwa ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, nthawi zambiri popanda kupotokola, kenaka kusanza, maso kulowa, miyendo kukokana. Munthu wamphamvu amene mmawa amawaza nkhuni akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe. Chimamupha ndi kutha madzi m'thupi, ndiye mankhwala oyamba ndi madzi omwewo. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri a theka la lita, muzimumwetsa pang'onopang'ono osalekeza, ali panjira yopita kwa azaumoyo. Akasanza, dikirani mphindi khumi, muyambirenso. Thanzi akatha, mu lita imodzi thirani masupuni ang'onoang'ono a tiyi 6 a shuga osalaza pamwamba ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Mulawe: asawawe mchere kuposa misozi. Zotsala zikagona tsiku lathunthu, tayani mupange zina. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ndipo musabise wodwala kuseri kwa kalasi poopa kuti akamutengera kutenti. Kutentiko ndi kumene kuli madiripi. Katemera wa kolera wakumwa akabwera, kamweni, ine ndinamwa pamaso pa msasa wonse kuti aone kuti sindikugwa.

Pakatha masabata awiri atatu, m'zithaphwi mwaswana udzudzu, malungo amayamba. Neti ija munanyamula ikhale ya ana ndi amayi oyembekezera poyamba, ndipo ndisaione itasanduka ukonde wophera matemba kapena mpanda wa nkhuku. Mwana akatentha thupi, tsiku lomwelo akayezedwe. Mankhwala a malungo a LA akapatsidwa amalize masiku onse atatu, osagawana ndi mkulu wake. Bala lililonse lochekedwa ndi lata kapena msomali m'matope litsukidwe ndi sopo ndi madzi otetezedwa, mukationetse, kafumbata amalowera pamenepo. Ana asasewere m'madzi oima, muli likodzo.

Pali zina zimene sitizinena mokweza. Amayi ndi atsikana agone chipinda chawo, ndipo mtsikana asapite yekha kuchimbudzi usiku. Komanso mtima umavulala. Mdzukulu wanga uja, chaka chathunthu, mvula ikangoyamba kugunda pamalata ankalowa kunsi kwa tebulo. Ndinaona bambo wina amene anataya ana awiri atangokhala pansi pa mtengo masiku anayi osayankhula, anthu nkumati ndi wolimba mtima. Sikulimba kumeneko. Khalani naye pafupi, muitanireni abusa, shehe kapena ife.

Dzina lanu lilowe m'kaundula

Dongosolo la boma limayenda chonchi. M'mudzi muli komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ija ambiri timaitchabe VCPC. Imeneyi ndi imene imalemba mabanja okhudzidwa ndi zimene ataya, nkupereka ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, iyo nkupititsa ku khonsolo ya boma kwa bwanamkubwa, khonsolo nkudziwitsa nthambi ya boma yoona za ngozi zotere, ya DoDMA, ku Lilongwe. Ngozi ikakula kwambiri, mtsogoleri wa dziko amalengeza kuti dera lagweredwa tsoka, monga anachitira a Peter Mutharika pa maboma 15 mu Januwale 2015, ndi a Lazarus Chakwera pa Freddy, komanso mu Malichi 2024 pa maboma 23 chifukwa cha chilala cha El Niño. Kulengeza kumeneku ndi kumene kumatsegula khomo loti maiko ena ndi mabungwe monga WFP ndi Red Cross abwere ndi mphamvu. Lamulo loyendetsera zonsezi linali la 1991, ndipo mu 2023 aphungu anavomereza latsopano lolowa m'malo mwake.

Zonsezi zimayambira pa pepala la m'mudzi lija. Ngati dzina lanu palibe pamenepo, ku Lilongwe kulibe amene akudziwa kuti nyumba yanu inagwa. Choncho dziwani a komiti yanu ndi mayina awo lero. Pamsonkhano wosankha komiti pitani, ndipo musankhemo amayi ndi achinyamata oyenda, osati ongofuna tisheti. Ngozi ikachitika, kalembetseni nokha, nenani zoona za chiwerengero cha anthu a pabanja panu, kuphatikizapo oyembekezera, ana osakwana zaka zisanu, okalamba ndi olumala, chifukwa thandizo lina limabwera la iwowa. Amene mwathawira kwa achibale osati kumsasa, inu ndiye mumaiwalika kawirikawiri. Kaonekereni.

Pemphani kuti mayina awerengedwe pagulu. Thandizo ndi laulere. Aliyense wokuuzani kuti mupereke kangachepe, kapena kuti mugawane naye thumba, kapena wouza mwana wanu wamkazi kuti abwere madzulo kuti dzina lilowe, ameneyo ndi wakuba, kaya avale chovala cha bungwe, kaya ndi wachibale wa amfumu. Kanenezeni kwa apolisi a m'dera kapena kukhonsolo, ndipo mupite awiri kapena atatu.

Pobwerera kumudzi

Nyumba ya zidina imene yamwa madzi imatha kuima sabata yathunthu nkudzagwa usiku wopanda mvula. Musagonemo msanga. Yang'anani m'munsi mwa khoma, mukanikize ndi chala. Pakalowa, gonani panja. Chitsime chikapidwe ndi kuthiridwa klorini musanayambe kumwa, ndipo chimbudzi chikhale chinthu choyamba kumanga, khitchini ibwere pambuyo. Chimanga chimene chanyowa nkuchita chuku musadye, musapangire thobwa, musapatse nkhuku. Chuku chimenecho chili ndi poizoni amene sathera pamoto ndipo amaononga chiwindi. Ndikudziwa kuwawa kwake, ndinakwirira matumba asanu ndi limodzi ndi manja angawa.

Masabata otsatirawo kumabwera anthu a mitundu iwiri. Oyamba ndi mavenda, ndi ndalama m'manja, kufuna mbuzi pa theka la mtengo chifukwa akudziwa kuti muli ndi njala. Achiwiri ndi a katapila. Ngati kugulitsa n'kosapeweka, gulitsani imodzi, yamphongo, mutsale ndi zazikazi, ndipo mugwirizane ndi anzanu mukagulitsire pamodzi kumsika osati pakhomo. Katapila ndiye ayi. Amene anakongola kuti agule malata pambuyo pa Freddy anakumana ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, mitengo ya zonse inakwera ngongole ili pakhosi, ndipo ndikudziwa mabanja amene anapereka dimba kubweza ngongole ya denga. Folerani ndi udzu chaka chimodzi, palibe anafa nazo.

Mphamvu zanu zipite kudimba. Madzi omwe atilanda aja amasiya nthaka yonona ndi chinyontho, ndipo amene wadzala msanga chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbatata amakolola anzake akadali pamzere wa thandizo kapena akuzula nyika m'dambo pakati pa ng'ona. Ana abwerere kusukulu ikangotsegulidwa, makamaka atsikana, chifukwa chaka cha madzi ndi chimene maukwati a ana amachuluka.

Za kusamukira kumtunda, anthu a m'tauni amatifunsa kuti bwanji simungochokako. Amaiwala kuti kumtunda kulibe dimba, ndipo munthu sadya chitetezo. Koma inenso ndinatopa kuthawa ndi mwana kumsana. Chimene tinachita pabanja pathu ndi kupempha malo kwa amfumu a kumtunda, ulendo wa ola limodzi panjinga, nkumangako nyumba ya zipinda ziwiri ya njerwa zootcha, maziko okwera kufika m'bondo. Inatitengera zaka ziwiri. Mayi anga, ana ndi chimanga amakhala kumeneko kuyambira Disembala mpaka Epulo. Kumunsi kuno tinasiya kachisakasa kogonamo polima, ndi ndowa ija pafupi ndi chitseko. Dzulo ndinaitsegula kuti ndione za chaka chino: mabatire atha mphamvu, Thanzi wina wadutsa tsiku lake, ndipo shuga yense mdzukulu wanga anamunyambita kalekale.